Khutu Langa Lamanzere

Chaka chimene chimanga chathu chinapserera ndi dzuwa ku Nsipe, ndinaganiza zopita ku Joni. Bambo a mwana wanga anali atakwatira kwina, ndipo tomato amene ndinkagulitsa m'mbali mwa msewu sankatifikitsa patali. Tadala, mwana wangayo, anali asanamalize pulayimale. Ndinamusiya m'manja mwa amayi n'kukwera basi.

Ndinapeza ntchito ya m'nyumba. Kumeneko tsiku limatha osatchula liwu limodzi la Chichewa. Ndiye mabwana akangotuluka, ndinkapanikiza foni pakati pa phewa ndi khutu lamanzere, manja ali pa kusita, Tadala akundisimbira za aphunzitsi ake, za mbuzi yathu imene yaswa, za amene wamunena kumjigo. Foni inkatentha mpaka khutu kuchita thukuta. Sindinkaichotsa.

Patapita zaka, khutulo linayamba kulira ngati mwalowa nyenje. Kenako mawu a anthu ankamveka ngati akuchokera m'chitsime. Kuchipatala nesi anandiunika n'kunena kuti mulibe mafinya kapena chotupa. Ndinamufunsa ngati ndi foni, poti anzanga ankati imatulutsa mphamvu yosaoneka yowononga mitsempha. Iye anati ngakhale madokotala sadziwa bwinobwino: mwina ndi mphamvuyo, mwina phokoso chabe, mwinanso matenda ena. Anangondilangiza kuti foniyo ndiziitalikitsa ndi mutu. Koma za pakhomo sungaziike pasipika, zipupa zili ndi makutu. Ndinasamutsira foni kukhutu lamanja, mtima uli m'mwamba nthawi iliyonse ikaitana.

Lamanjalo litayambanso kulira, adona anatopa ndi kundiitana kawirikawiri. Ntchito inathera pomwepo, ndipo ndinabwerera kumudzi.

Panopa anthu pamsika amati Joni inandipatsa matama, chifukwa moni wina amandidutsa. Tadala ndinamupeza ali namwali wamanyazi, wolankhulira pansi, maso ali kumbali. Tsiku lina tikupalira, ananena kanthu ali kumanzere kwanga. Ndinachita manyazi kumuuza kuti abwereze, ndinangomwetulira n'kuti, “Eya, mwana wanga.” Kuyambira pamenepo ankandizemba, ngakhale pa chakudya.

Amayi ndiwo anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kuyandikiza pakamwa kukhutu langa lamanja.

“Mwanayu anakufunsa ngati ubwereranso ku Joni. Iwe unavomera ukuseka.”

Ndinamupeza Tadala akuchapa yunifolomu. Ndinamufotokozera zonse, za nyenje ija, za nesi, ndi kuti sindipitanso kulikonse. Anamvetsera manja ali m'beseni. Kenako anazungulira kubwera kumanja kwanga, n'kukweza mawu ngati akulankhula ndi mlendo wokalamba.

“Palibe kanthu, amayi. Kungoti muli kujaku munkandimva bwino.”

Anabwerera kubeseni lake. Ndinaima pomwepo ndikuona milomo yake ikugwedera, osadziwa ngati akuimba nyimbo kapena akupitiriza kundiuza zina.