Foloko ya Mano Atatu

Ndinanyamuka ine, ndinanyamuka! Nditathyola tiyi ku esiteti mpaka msana kupindika, mwana wanga Esinati anaimba foni kuchokera ku Joni. "Amayi, kuno kuli madamu okalamba akufuna wowaphikira." Ndinati dengu tsala, mame a m'mawa tsalani, agogo akukakwera basi.

Joni kuzizira, Joni kusungulumwa, anthuni. Ukalonjera munthu amayang'ana chikwama chake. Ndalama ndinkatumiza, zidzukulu zinkadya, zinkanditumizira mawu pafoni, "Agogo, nsapato!" Ine ndinkayimbira mapoto m'khitchini.

Chaka chachiwiri diso lamanzere linayamba matama. Mizere ya matailosi ikukhota, nkhope ya madamu ili ndi mtambo pakati. Esinati ananditengera kuchipatala, iye nkumamasulira. Adokotala anati shuga walowa kuseri kwa diso, watulutsa madzi, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa m'diso mwezi ndi mwezi. Ndinati, "Afunse, matako atha?"

Asanakubaye amayamba akuyesa. Zilembo ine ndimadziwa za dzina langa basi, ndiye anandiikira bolodi la mafoloko. Foloko ya mano atatu, ina yaloza kumwamba, ina pansi, ina uku, ina uko, zikunka zichepa mpaka ngati nsabwe za nkhuku. Amakutseka diso limodzi, iwe nkumaloza ndi dzanja, anesi nkulemba mzere umene wafika.

Nditaona cholemberacho, mtima unati iyi ndi sikelo! Kwathu akapitawo akakulembera makilo ochepa masabata angapo, dengu amapatsa wina. Ndinati pepala ili likafika kwa madamu, ntchito yatha. Ndiye podikira pabenchi ndinkaliyang'ana bolodilo ndi diso labwino, nkulipekera nyimbo. Kumanja ndinati ndi Luchenza, kumanzere Nsabwe, malo a kwathu onsewo. Kumwamba, Luchenza, pansi pansi, Nsabwe! Inali yokoma, ya kwaya yeniyeni.

Mwezi wotsatira ndinatsika mpaka mzere womaliza, dzanja likuvina. Anesi anaomba m'manja. Kutuluka panja ndinagunda chitseko chagalasi, koma ndinakhoza, ndinakhoza ine!

Patapita miyezi ingapo adokotala anayang'ana pepala, anayang'ana chithunzi chimene makina amajambula kuseri kwa diso, nakanda mutu. Esinati anati, "Akuti pepala likuti mukuona ngati mtsikana, koma chithunzi chikuti madzi asefukira. Akanakhulupirira pepala akanatalikitsa majakisoni, diso likanazima osadzayakanso."

Anesi anabweretsa bolodi lina. Ine osadziwa, ndinayambitsa nyimbo yanga. Kumwamba, Luchenza!

"Amayi! Mukupita ku Luchenza foloko ikuloza pansi?"

Ndinayang'anitsitsa. Mizere iwiri yokha, yotsalayo nkhungu. Adokotala anaseka mpaka kuvula magalasi, kenaka anati, "Sitikuyesa inu, mayi, tikuyesa mankhwala. Awa alephera, tisintha." Taonani! Miyezi yonseyo ndinkabera mayeso kuti jakisoni akhoze.

Kuyambira pamenepo ndinkanena zoona. Mizere iwiri, itatu, mwezi wina kubwerera pa iwiri, kenaka isanu. Pa isanu tinaima. Chimene chinapita chinapita, koma ulusi ndimalowetsa m'singano ndikakhala padzuwa. Madamu atatengedwa ndi ana awo, ndinabwera kwathu ndi kalata yokapitiriza ku chipatala cha maso ku Blantyre.

Pasiteji pa Luchenza anadzandichingamira achemwali anga aakulu, a Felesiya. Ndikutsika minibasi ndinawaona akuthamanga manja ali m'mwamba, nthungululu ili pakamwa, nkukumbatira mayi wina wonyamula nthochi.

"Achemwali, ndili kuno!"

"Ndakuona, ndimangolonjera anthu. Iii, wanenepa!"

Ine nditaonda ngati ndodo. Kunyumba ndinawapenyetsetsa. Mchere amaupeza, khasu amalipeza, njira ya kumjigo amayenda ngati msilikali. Ndinasuntha mpando pang'ono, anakhala pansi, phi! Ndinawafunsa ngati amamwa madzi kwambiri, anati nkutentha. Zidzukulu zinati za maso awo zikudziwa kalekale, anansi akudziwa, mpingo wonse ukudziwa. Aliyense amangobwezera chinthu pamalo pake kuti agogo asachite manyazi. Kwathu timakondana, ee, timakondana mpaka munthu achite khungu.

Tsiku langa la ku Blantyre ndinati andiperekeze, ndikuopa magalimoto. Titafika ndinawalembetsa dzina. Anakalipa pabenchi ponse. "Maso anga ali bwino, wabwera ndi mwano wa ku Joni iwe!" Kenaka ndinamva kung'ung'udza. Kuwayang'ana, atsinzina diso limodzi, khosi lasololoka kuloza kubolodi, phazi likuponda nyimbo.

Ndinaimirira, ndinakoka anesi pamkono.

"Mwananga, awa akalowa musinthe bolodi. Ndiwo amayambitsa nyimbo ku kwaya kwathu."