Mndandanda wa Sindiopa Sudumphidwa

Pakhonde la sitolo ya nsalu pankakhala anthu atatu: wometa tsitsi, telala, ndi wokonza mafoni amene anzake anamutcha Sindiopa. Dzinali analipeza chifukwa cha mabuku. Ena kabati amasungiramo mbale, koma iye yake inadzaza nkhani za anthu odulana makosi ndi za mitembo yobisidwa m'denga. Buku lopanda magazi ankati ndi la ana a mkaka.

Kuseri kwa chitseko cha kakanyumba kake kokonzeramo mafoni anamata chipepala cha mndandanda. Kumanzere kunali maina a mabuku, kumanja zimene bukulo linachita kwa wolibwereka. Kukoma kwa nkhani sankakuyesa ndi mtima wake, ankakuyesa ndi mitima ya anzake. Mlamu wake ataleka kudya nyama mlungu wathunthu, bukulo linakwera pamwamba. Wometa atanena kuti anagona tulo tabwino, bukulo linafufutidwa ngati lachimwa. Malamulo a Mulungu sankawawerengera, koma lake limodzi ankalisunga mwakhama: mndandanda sudumphidwa, lotsatira ndi lotsatira basi.

Anthu anatopa naye. Mlamu wake anasiya kubwera, wometa nkunena kuti maso ayamba kumuvuta. Anatsala telala yekha, bambo wofatsa wosadziwa kukana, amene ankawerenga chilichonse ndipo masana ankagawana naye chakudya. Sindiopa ankadziwa kuti telalayo akachoka, mabuku aja adzangokhala mapepala odyedwa ndi chiswe.

Tsono mkazi wa telala anagonekedwa m'chipatala. Mwamunayo anabwera kudzatseka makina ake, maso ali gwa, napempha kanthu koti azitayitsira nthawi pabenchi podikirira matenda. Sindiopa anayang'ana kuseri kwa chitseko. Lotsatira linali la namwino amene ankapha odwala ndi jakisoni, uku akuwamwetulira. Wometa anamunong'oneza kuti asankhe lina, kapena angomupatsa nyuzipepala. Iye anayankha kuti buku limakoma ukaliwerengera pamalo pake, ndipo mwayi ngati uwu subwera kawiri. Anapatsa telala bukulo.

Telala anabwerera mkazi wake atachira, koma iye ataonda ngati ndiye amadwala. Anafotokozera wometa kuti namwino atafika ndi jakisoni, iye anagwira namwinoyo dzanja nkuyamba kumufunsa za mankhwalawo mokuwa, mpaka alonda anamutulutsa. Masiku otsalawo mkazi wake anawatha yekha, iye akusuzumira pawindo, apongozi ake akumutcha wamisala pamaso pa anthu.

Sindiopa anamvetsera zonsezi mano ali panja. Kenako anatulutsa cholembera.

"Ndiye achimwene, tinene kuti lawagonjetsa onse aja eti? Ngakhale la mlamu wanga lija?"

Telala anaika bukulo patebulo, pakati pa mafoni omasula.

"Mayi a kunyumba ankandiitana, ine ndili panja. Kalembeni zimenezo, achimwene."

M'mawa mwake wometa anathandiza telala kunyamula makina kupita pakhonde la kutsidya kwa msewu. Sindiopa anawaonerera, akuuza makasitomala kuti anthu a masiku ano ali ndi mitima ya nkhuku. Nthawi ya chakudya itakwana anatsegula kontena yake, nayang'ana kutsidya. Telala anali atamufulatira, akuthirira wometa madzi osamba m'manja.