Makina a dotolo ndinapha ndine

"Mayi Rozalina, makina awa musamayatse mulibe kanthu m'kati. Mtima wake umapsa msanga. Muzisiyamo kopo ya madzi." Anandichenjeza chotero dotolo wachizungu amene ndinkawaphikira ku Lichinga nthawi ya nkhondo.

Ndinangoti, "Sim, dotolo," koma mumtima ndinati, iii, bokosi lotenthetsa nyemba popanda moto, lilinso ndi mtima? Masiku amenewo munthu sunkakhulupirira ngakhale nkhuku ya mnansi. Ndinatsimikiza kuti ndi wailesi yolankhulira ndi asilikali, madziwo ndi otsekera mawu kuti ine ndisamve.

Atapita kuntchito ndinachotsa kopo ija, ndinayatsa, n'kugunditsa khutu pachitseko chake. Ndinangomva "hmmmm" basi. Ndinati, adziwa kuti ndikumvetsera, ndiwadikira. Ndinatero masiku anayi, mpaka bokosilo linanunkha ngati tsitsi lowauka n'kukhala zii.

Ntchito imeneyo ndiyo inkadyetsa ana anga. Choncho dotolo atafunsa, ndinaloza Che Saide, amene ankakonza mawaya a magetsi panyumbapo. Anakalipidwa mpaka chipewa chinawagwa m'manja. Potuluka anandinong'oneza kuti, "Amama, azungu awa!" Ine ndinawathandiza kudandaula, ndinawathiriranso tiyi.

Che Saide adamwalira osadziwa. Mwana wawo amandibweretserabe mbatatesi chaka ndi chaka, ndipo ndikamadya ndekha zimanditsamwa. Mukamadutsa ku Lulimile mudzandizonde, mudzandithandize kudya. Koma muodire muli patali, ndiyambe ndakusuzumirani pazenera.