Makina a Alamu ndi Mtondo wa Achemwali

Alamu anga a Harun ndi munthu woti mukawapatsa wailesi yakufa amayamba ayinunkhiza kaye. Amakonza mafoni ndi mawailesi pa Naisi, m'kashopu koti makasitomala awiri akalowa wachitatu amadikira panja. Kwathu kuno ku Domasi anabwera ngati mkamwini atakwatira achemwali anga a Nasima, ndipo tinawalandira ndi manja awiri. Sitinadziwe kuti tikulandiranso mapulinta akufa ndi mawaya amene anthu ena anataya.

Chaka chatha anayamba kupanga makina awoawo. Amati atopa kudikira mabolodi a m'mawailesi ochokera kunja, obiriwira aja okhala ndi tinjira ta mkuwa todutsa magetsi. Anachotsa mamota m'mapulinta, leza, kachipangizo kotulutsa kuwala kopyapyala ngati singano, anaitenga m'makina ena akale, n'kulumikiza zonsezi ku kakompyuta kochepa ngati sopo wosambira. Ntchito ya kakompyutako ndi kuyendetsa mamota, n'kumayatsa ndi kuzimitsa kuwala kwa leza pa nthawi yake yeniyeni, kuti kujambule tinjira tija pa filimu. Filimuyo ndi imene amasindikizira tinjirato pa bolodi. Kakangochedwa pang'ono, mzere wakhota ndipo filimu yawonongeka.

Filimu imadana ndi kuwala, choncho alamu analanda chipinda chimene achemwali amasungiramo mpunga, n'kutseka zenera ndi bulangete. Achemwali sanakalipe. Anangoti, "Bambo a Hafsa, tikakolola chipindacho ndichifuna. Zidole zanuzo zikakhala zisanagwire ntchito, zikagona pakhonde." Mkamwini wanzeru satsutsa zotere, ndiye alamu anangovomera.

Amayesa makinawo m'mawa uliwonse asanakwere njinga ya ku Naisi, koma mizere imatuluka yokhotakhota ngati njira ya woledzera. Iwo mlandu wonse anaukankhira kwa kakompyuta, kuti kakuchedwa kuyatsa leza. Analemba pulogalamu ina, anasintha mawaya, anamanganso mamota, koma ayi ndithu. Ine ndimawaseka kuti, "Alamu, bwanji osangojambula ndi bolopeni?" Koma nditaona kuti ayamba kusiya tiyi m'kapu, ndinawamvera chisoni.

Mpunga unacha, tinamweta, matumba anafika pakhomo. M'mawa mwake alamu anapempha kuyesa komaliza, ndipo anatiitana tonse kuti tikhale mboni. Achemwali anasiya mtondo umene amasinjiramo mpunga kuseri kwa chipindacho, n'kulowa. Tinaima mumdima, mamota akulira ngati udzudzu. Filimu atayitsuka, ha! mizere yowongoka bwinobwino, yopyapyala ngati tsitsi. Alamu anavina pang'ono, chinthu chimene sanachite ngakhale pa ukwati wawo.

"Kamodzi ndi mwayi," anatero achemwali. "Bwerezani, ine ndikamalize kusinja."

Alamu anaika filimu ina. Chifukwa cha chisangalalo anaiwala kuima patali monga amachitira masiku onse, anatsamira tebulo la makinawo ndi dzanja. Kuseri kwa khoma munsi unayamba: du! du! du! Ndinangomva akundiitana kuti, "Alamu, tagwirani apa." Nditagwira, tebulo limanjenjemera nthawi iliyonse munsi ukagunda. Phokoso limeneli alamu analimva m'mawa uliwonse chikwatirireni, mpaka makutu awo anasiya kulimva.

Tsopano mkamwini angauze bwanji mwini nyumba kuti asiye kusinja mpunga umene iye yemwe amadya? Alamu anatuluka ndi mafilimu owonongeka aja, n'kuwapereka kwa achemwali. Achemwali anayang'anitsa imodzi padzuwa, chala chikutsata mzere.

"Apa pakhota ndi munsi wanga?"

"Eya."

"Nanga apa pawongoka?"

"Mwina ndi pamene munaima."

"Ndimapeta pamenepo," anatero achemwali, ndipo anaseka mpaka kugwira nthiti.

Matumba analowabe m'chipindamo, chifukwa achemwali akanena anena. Koma anawaunjika mozungulira miyendo ya tebulo kuti lisagwederenso, ndipo mtondo anausamutsira pansi pa mtengo wa mango. Makina sanagone pakhonde. Lero mabolodi a alamu ali m'mawailesi angapo a m'dera lino, onse akununkhira mpunga.

Mafilimu okhota aja alamu amafuna kuwatentha, koma achemwali analanda imodzi n'kuipachika pabalaza. Mlendo akafunsa kuti n'chiyani chimenecho, amayankha monyadira kuti, "Ndine ameneyo. Anandijambula abambo a Hafsa ndikusinja."