Manda Atatu a Alamu Anga

Alamu anga a Frackson Kalinde ukawapatsa bango lakupsa ankalidya mothamanga ngati wina awalanda, chifukwa chimene ankafuna iwo si bangolo ayi, koma njere yake. Anabwera kwathu ku Likoswe mu 1969 kuchokera ku Mikolongwe, kumene ankakama ng'ombe za boma, kudzakwatira achemwali anga a Esnart. Katundu wawo yense anali jekete limodzi, buku la nyimbo lothothoka chikuto, ndi zitini zisanu ndi ziwiri za mbande za mitengo. Ine Idesi ndinali kamtsikana nthawi imeneyo, ndipo ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Mkamwini wanji wobwera atasenza nazale?

Mbandezo anazidzala kuseri kwa nyumba, koma sizinathe sabata. Amalume athu a Dickson, eni mbumba, anazizula zonse n'kuziyala pakhonde.

"Akamwini," anatero amalume, "kuno munabwera kudzalima chimanga. Mtengo ukakula mudzayamba kunena kuti malo ndi anu. Ife zimenezo ayi."

Alamu anabwezera mbande zawo m'zitini, ndipo Lamulungu lotsatira anakapempha abusa kamtunda ka kuseri kwa tchalitchi, kumene mvula inakumba chigwembe choti ng'ombe n'kugweramo osaoneka nyanga. Abusa anavomera msanga, poti chigwembecho chinali chitayamba kunyambita maziko. Pobwerera alamu anandinong'oneza kuti, "Mlamu, kumalo kwa Mulungu kulibe amalume."

Zaka khumi ndi zisanu munthu uja anathera pakamtundapo. Anadzala mibawa, mabulugamu, misangu, ndi ina yoti dzina lake ankalidziwa okha. Madzi ankakatunga kudambo, ndowa pamutu, anthu akuwaseka. Achemwali ankadandaula kuti anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi m'bawa. Atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo ndiye zinanyanya. Ulaliki wawo ungayambire pa chikhululukiro, ungayambire pa kuipa kwa kachasu, unkathera ndithu pa kuya kwa dzenje lodzalamo mbande. Koma chigwembe chija chinatsekeka, ndipo ana a Sande sukulu anayamba kuphunzirira pansi pa mitengo.

Vuto linali nkhuni. M'midzi monse mitengo inali itatha, tinkaphikira mapesi ndi zitsononkho. Ndisaname pamaso pa Mulungu, inenso ndinali m'gulu la akuba. Ndinkapita ndi kachikwanje m'chitenje, n'kusadza nthambi ziwiri zitatu, madzulo n'kuwaphikira alamu omwewo nyemba. Iwo akudya n'kumadandaula za anthu opanda chisoni, ine n'kumavomereza kuti eee, anthu ake ndi oipa zedi.

Komatu akuba ife tinali ang'onoang'ono. Mu 1984 mpingo unaganiza zomanga tchalitchi cha njerwa zootcha, ndipo wapampando wa komiti anali amalume a Dickson. Uvuni umadya nkhuni, inu. Amalume akatuluka m'mapemphero ankaima manja kumbuyo, n'kumayang'ana mibawa ija mmene fisi amayang'anira khola. Aliyense ankadziwa kuti njerwa zikangouma, nkhwangwa zilowa.

Chaka chomwecho alangizi a zaulimi anatiphunzitsa kupanga manyowa a m'dzenje. Enafe tinangomva n'kuiwala. Alamu anakumba maenje atatu pakati pa mitengo yawo, lililonse lotalika ngati munthu wogona, n'kuthiramo masamba, ndowe ndi phulusa. Pamwamba anaunjika dothi, anasalaza bwinobwino ndi fosholo, n'kuzika ndodo kumapeto yoti azizula poona ngati mkati mwatentha.

Woyamba kuona ndinali ine, ndi kachikwanje kanga. Mayo ine! Milu itatu yatsopano, yondandalikana, uliwonse ndi ndodo yake. Ndinataya chikwanje, nkhata, ndi patapata wa mwendo umodzi, ndipo pofika kuchitsime ndinali nditauza kale anthu asanu kuti kuseri kwa tchalitchi kuli manda.

Mufunsa kuti nanga maliro ake analira ndani? Masiku amenewo munthu sunkafunsa zinthu mokweza. Kutsidya kwa malire kunali nkhondo, ndiye wina anangoti ndi alendo othawa kwawo amene anafera panjira, abusa anawaika mwakachetechete. Abusawo ankabwera panjinga kamodzi pa miyezi iwiri, ndipo palibe analimba mtima kuwafunsa. Akulu a mpingo aliyense ankayesa kuti mnzake akudziwa, n'kumagwedeza mutu ngati wodziwa naye.

Kwathu kuno nkhuni za kumanda sizitoledwa, ndipo mtengo wa kumanda sudulidwa chisawawa. Kuba kunatha tsiku lomwelo. Mbuzi anthu anayamba kuzimangirira kutali. Amalume nawo anasiya kuima kuja, n'kuyamba kufunsafunsa za nkhuni za ku esiteti.

Alamu anazimva mphekeserazo, ndipo apa ndi pamene ndimawaimba mlandu mpaka lero. M'malo monena zoona, anatenga mbale yakale ya achemwali, anaiboola pansi monga timachitira ndi ziwiya za womwalira, n'kukaivundikira pa mulu wapakati.

Nkhaniyi inatikhudza ife amayi a Mvano. Mtsogoleri wathu, mayi Mervis, anati anthu a Mulungu sangagone pauve ngati agalu. Lachinayi tinavala zoyera zathu, tinasesa, tinaika maluwa, tinaimba nyimbo zitatu. Mayi Mervis analira mpaka kuchita kuwagwira m'mapewa. Inenso ndinalira, anthu inu, misozi yeniyeni, kulirira ndowe za ng'ombe! Alamu anaima chapatali, chipewa pachifuwa, maso pansi.

Zikanatha bwino, koma manyowa amapsa. Itakwana nthawi yothira dothi m'zitini za mbande, mtima wa alamu unalephera kupirira. M'mawa wina wa nkhungu anatenga khasu ndi dengu n'kuyamba kufukula mulu wakumapeto. Nthawi yomweyo mayi Mervis anali akubwera ndi maluwa atsopano. Anapeza mkulu wa mpingo ali m'manda mpaka m'mawondo, akununkhiza dothi lakuda m'manja, akumwetulira. Mfuu imene anakuwa mayi aja ndikhulupirira inamveka mpaka ku Mpama.

Pofika masana mudzi wonse unali utadziwa kuti mkamwini wa kwa a Dickson amadya anthu. Anatumiza uthenga kwa abusa, ndipo Loweruka akulu a mpingo anakhala pansi m'tchalitchi, ife tadzaza m'mawindo. Abusa anayamba ndi kunena kuti iwo sanaikepo munthu aliyense kuseriko. Wina anakuwa kuti basi ndiye anaika ndi a Kalinde omwewo, imeneyo ndi nkhokwe yawo ya ndiwo. Dzenje lija alamu anali atalikwiriranso, ndipo panalibe wofuna kukalifukula.

"A Kalinde," anatero abusa, "m'milu muja muli chiyani?"

Alamu anayang'ana pawindo, pamene nsonga za mibawa zinkaonekera, kenako anayang'ana amalume. Ndinaona ndi maso angawa munthu akulimbana ndi mtima wake. Akati ndi manyowa, manda atha, nkhwangwa zilowa. Akakhala chete ndiye kuti ndi mfiti, ndipo mkamwini akatchedwa mfiti amangomulozera njira ya kwawo.

"Abusa," anatero, "ndilibe mawu."

Amalume anaimirira. "Mwadzimvera nokha. Dzuwa la mawa lisawapeze pamudzi panga."

Achemwali anadzigwetsa pansi n'kuyamba kulira. Ine mutu unatentha. Mbale ija ndinali nditaizindikira kale tsiku lina nditapitanso kukasesa, ya mzere wobiriwira imene achemwali anaifunafuna mwezi wathunthu, ndipo fungo la pamalopo linali la khola. Masiku onsewo ndinali nditabisa zimenezi chifukwa cha manyazi, poti woyambitsa mbiri ya manda ndinali ine. Koma apa ayi. Ndinathamangira kuseri, anthu akukuwa kuti Idesi wapenga. Khasu ndi dengu la alamu zinali pomwepo. Ndinakumba, ndinadzaza dengu, n'kukalikhuthula patebulo pamaso pa abusa.

"Nawa malemu anu!" ndinatero. "Afunseni dzina!"

Munatuluka nyongolotsi ziwiri ndi chitsononkho chowola. Abusa anatapa pang'ono, ananunkhiza, n'kufunsa alamu kuti phulusa anathira lochuluka bwanji. Aaa, tchalitchi chonse chinaphulika. Anthu anaseka mpaka kukhala pansi, kupatula mayi Mervis, amene sanandipatse moni mpaka Khirisimasi. Akulu a mpingo anawaimitsa alamu pa Mgonero miyezi itatu chifukwa cha mbale ija, koma za kuchoka pamudzi zinathera pomwepo.

Amalume anadikira kuti phokoso lizizire. "Ndiye poti si manda," anatero, "njerwa zauma."

Alamu anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti adule okha. Anati anyamata adula mwankhanza, pamene bulugamu ukamudula bwino, mopendeka, amaphukanso. Za mibawa, imene siphuka chotero, sananene kanthu. Masiku asanu ndi anayi nkhwangwa imodzi inkalira kuseri kwa tchalitchi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ife amayi tinkasenza zipika kupita nazo ku uvuni, ndipo panalibe ngakhale mmodzi woyambitsa nyimbo.

Tsiku lomaliza ndinawapititsira thobwa. Ndinawapeza atakhala pachitsa, manja ali matuza okhaokha. Ndinkayembekeza kuti mwina andithokoza, poti banja lawo ndinalipulumutsa ndine, ndiye ndinayamba ndi chipongwe chathu cha pachilamu.

"Afiti inu, imwani thobwa."

Sanaseke. Analandira chikho n'kungochigwira osamwa.

"Mlamu," anatero, "mukanangondisiya ndipite. Ine ndili ndi miyendo, ndikanakafika kwinakwake. Nanga mitengo iyi ikanathawira kuti?"

Ndinafuna kuwakalipira kuti nanga achemwali, nanga ana awo. Koma ndinangokhala pachitsa china, dzuwa likutiwotcha tonse awiri. Anthu amati ndinachita bwino tsiku lija, koma ine zimandiwawabe.