Anabwera ndi Sikelo Kudzayeza Malemu

Amuna anga anali ocheka matabwa m'nkhalango ya paini ya m'phiri la Dedza. Chaka chimene anthu a kafukufuku anafika m'mudzi mwathu, iwo ndiwo anayamba kulembetsa. Anthuwo anati akulemba anthu ambirimbiri, m'midzi ndi m'matauni, kuti aziwatsata mpaka ukalamba, adziwe matenda oyenda m'magazi a pabanja ndi obwera ndi kadyedwe. Ine sukulu ndinalekeza msanga, koma zimenezo ndinazimva, poti apongozi anga aamuna anachita kugwa ali chiimire. Ndinadinda chala. Mwana wathu wamkazi, amene anakwatiwa pakhomo pomwepa, anasaina ndi cholembera.

Ankabwera chaka ndi chaka pa galimoto yoyera, atanyamula sikelo, chingwe choyezera m'chiuno ndi kachipangizo kofinya mkono. Magazi anatitenga timabotolo tiwiri aliyense. Mafunso ndiye osatha. Mchere mumathira wochuluka bwanji? Kachewere mumadya kangati pa sabata? Mtsikana wina wa nsapato zoyera anandipeza ndikutula mtolo wa nkhuni wochokera nawo kuphiri, n'kundifunsa ngati ndimachita masewera olimbitsa thupi. Ndinangomuyang'ana. Iye analemba kuti ayi.

Amuna anga anauzidwa kawiri kuti magazi awo akuthamanga, ndipo anapatsidwa kapepala kopita nako kuchipatala. Anamwa mankhwala mwezi umodzi n'kusiya, ati mutu waleka kupweteka. Pamenepo sindinamizira munthu, liuma linali lawo. Anagwa mu Juni m'dimba la kabichi, kamwa itapotoka, dzanja lamanja lili lende. Anagona masiku anayi osayankhula, tinawaika.

Atangopita iwo, mwana wanga anayamba kugwira kunkhongo m'mawa uliwonse, monga ankachitira bambo ake. Ndikati tiye kuchipatala ankati, "Ndi mutu chabe amayi, ndi chisanuchi." Liuma lomwe lija. Ndinkangomuyang'ana akupalira.

Patapita miyezi itatu, ndili m'zakuda, galimoto ija inaima pamsewu. Kwathu kuno munthu wofika pakhomo pamene panagwa maliro, kaya papita chaka, amayamba wakhala pansi n'kupepesa, nkhani zina pambuyo. Ngakhale wogula nkhumba amadziwa zimenezo. Koma kunatsika mnyamata wa jekete lalikulu ndi mayi wina wonyamula chikwama. Anaika sikelo pakhonde, mnyamatayo n'kuwerenga dzina la malemu mokweza pa kagalasi kake kolembapo, ngati akuitana mwana wa sukulu.

"Bambo alipo? Lero ndi tsiku lawo lokwera sikelo."

"Ali kumanda," ndinatero.

Anayang'ana kagalasi kaja, osati ine. Anaseretsa chala. "Oho. Ndiye tisinthe fomu. Mayi, tikufunsani mmene anamwalirira. Anayamba ndi chiyani?"

Anthu ophunzira mpaka ku yunivesite, maso ali nawo, nsalu yakuda ili pamaso pawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Chingwe chawo chinkadziwa chiuno cha amuna anga kuposa ine, koma zoti anafa sankadziwa.

Ndinawayalira mphasa, chifukwa ine ndinaleredwa. Kenako ndinafunsa langa. "Magazi munatenga aja anati chiyani? Matenda a bambo ake alinso mwa mwana wanga?"

Mayi uja anayankha mofatsa kuti magaziwo ali mufiriji kutali, alibe dzina, ali ndi nambala basi, ndipo zotsatira zake zidzathandiza mibadwo yam'tsogolo.

"Mbadwo wam'tsogolo ndi uyo akusenda kachewereyo," ndinatero. "Mufinyeni mkono."

"Lero sali pa mndandanda, mayi," anatero mnyamata uja. "Tsiku lawo ndi chaka chamawa."

"Wakufa ali pa mndandanda, wamoyo palibe?"

"Makina ndi amene amasankha."

"Chabwino, achimwene. Afunseni makinawo mmene amuna anga anafera. Amene anaona ndi ine ndekha, ndipo sindinena kanthu mwanayo asanayezedwe."

Anayang'anana. Ndinatenga lichero n'kuyamba kusankha nyemba. Mnyamata uja anadzuka kukaimba foni kuseri kwa khola, mkono uli m'mwamba kufunafuna netiweki. Nyemba zinali zambiri, ndipo ine sindinali pa changu.

Asanabwerere, mayi uja anatsegula chikwama. "Bwerani asisi, khalani apa." Mwana wanga anabwera akung'ung'udza. Kachipangizo kanafinya, kanalira. Mayiyo anadikira pang'ono n'kubwerezanso. Nkhope yake inasintha.

"Asisi, musadikire sabata yamawa. Mawa lomwe kuchipatala."

Mwana wanga anandiyang'ana. Mawu anga a miyezi itatu anali atawakana, koma kabokosi kolira anakamvera.

Pamenepo, mnyamata uja atabwerera, ndinawapatsa imfa yawo. Malemu anagwa nthawi yanji, mbali iti inafa, anasanza kapena ayi, ankameza phala kapena ayi. Mnyamata uja ankangodinadina. Zoti tsiku lachitatu malemu anafufuza korona wanga wopempherera ndi dzanja lamanzere n'kumugwira mpaka madzulo sindinanene. Pa fomu yawo panalibe bokosi lake.

Atafika kumapeto mnyamatayo anaseretsanso chala, n'kuwerenga pa kagalasi kaja: "Pepani chifukwa cha imfa ya wokondedwa wanu." Anawerenga bwino, osaphonya liwu. Ananyamula sikelo yawo.

M'mawa mwake tinayenda wapansi kupita kuchipatala cha mishoni ku Kasina, nkhungu isanachoke. Mwana wanga anapatsidwa timapiritsi toyera. Timapiritsito timakhala m'nyumba mwanga, osati mwake. Tsiku lililonse asanatenge khasu amabwera pakhomo panga, ndimamupatsa kamodzi ndi madzi m'kapu ya bambo ake, ndipo sachoka ndisanaone kuti wameza.