Esinati ndi Mpira Wachikopa

Fungo la fodya wouma m'zigafa limandibwezera ku chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere. Bambo anali tenanti pa esiteti ina kufupi ndi Mitundu, ndipo phula la fodya silinkachoka m'zala zathu ngakhale titsuke ndi mchenga. Tikaweruka, atsikana tinkakumana kuseri kwa zigafa n'kumamenya mpira wokulunga ndi mapepala apulasitiki, madiresi titawapinda m'chiuno, fumbi lofiira lili kobo. Mpira wachikopa pasukulu unalipo umodzi, ndipo unali wa anyamata. Ife tikaupempha, aphunzitsi a zamasewera ankatilozera ku bwalo la mpira wamanja.

Ankatitsogolera anali Esinati, mtsikana wamkulu m'kalasi mwathu, amene anabwerera kusukulu chaka chomwecho atatha zaka akusoka fodya. Mwendo wake wamanzere unkaopsa. Kwawo anali atamuuza kale kuti fodya akagulitsidwa akwatiwa ndi kapitawo wa pa esitetipo, munthu wa msinkhu wa bambo ake. Iye anali atamva kuti mumzinda wa Lilongwe akazi ayamba kusewera mpira, ndipo ankakhulupirira kuti munthu wina akangomuona pabwalo lenileni, amutenga.

Tinayesa zonse kuti atipatse mpira wachikopa uja. Tinazula chisoso pabwalo la anyamata, tinathira phulusa m'mizere, tinawachapira majezi kudambo. Aphunzitsi ankangoti tidikire mawa. Uku mabelo ankadindidwa, malole ankabwera kudzanyamula, ndipo lole iliyonse ikatuluka Esinati ankacheperachepera mawu.

Tsiku limene kunabwera timu ya anyamata yochokera ku Nathenje, Esinati anatigwira manja n'kutitsogolera pakati pa bwalo, tinakhala pansi. Anthu anaseka, ena anatitukwana. Aphunzitsi anabwera ndi ndodo ya bulugamu.

"Dzukani, mukutichititsa manyazi pamaso pa alendo."

"Timenyeni, aphunzitsi, koma sitidzuka," anatero Esinati. "Ine mawa ndilibe."

Ndodo inatera pamsana panga, ndinaluma mlomo osalira. Apo Mavuto, goloboyi wa sukulu yathu, anavula jezi n'kudzakhala pansi pambali pathu. Anzake ena anamutsatira. Aphunzitsi anayang'ana alendo aja, anaponya ndodo pansi, n'kunena kuti tisewere anyamata akamapuma.

Mpira wachikopa unali wolemera, unkapweteka zala zakumapazi. Esinati ankathamanga ngati akuthamangitsidwa, osapatsira aliyense, ndipo anamwetsa chigoli ali patali mpaka alendo anaimirira kuwomba m'manja. Masewera atatha anakaima pafupi ndi lole ya alendo, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana aphunzitsi awo mmodzimmodzi pamene ankakwera. Anamumwetulira. Palibe anamufunsa dzina.

Esinati anakwatiwa nyengo yozizira isanathe. Ife aphunzitsi anayamba kutipatsa mpira uja Lachisanu lililonse, ndipo ndinkamukwiyira Esinati kuti sankabwera n'komwe kudzationerera, pamene nyumba ya kapitawo inali pafupi ndi bwalo. Kwa ine tinali titapambana, tsono sindinkamvetsa chomwe ankadzitsekera m'nyumba. Lero ndimadziwa kuti ife tinkangofuna kusewera, pomwe iye ankafuna njira yothawira, ndipo Lachisanu lililonse phokoso lathu linkamupeza m'nyumba momwemo.